Lendi pa Nchalo: timalipira, timasonkha, koma pamsonkhano akuti tingomvera

Madamu a Sitandade 6: Abale a m'Chigwa, ndifunse nawo. Mitengo ya nyumba za lendi pa Nchalo pano akuipanga ndani? Ya zipinda ziwiri ndi pabalaza, yopanda siling'i, chimbudzi chogawana mabanja atatu, madzi okatunga ku mjigo, alandilodi akuti kuyambira mwezi wamawa ndi K70,000. Chaka chatha inali K45,000. Palibe chimene akonzapo, pakhomo pa bafa mpaka lero pali chiguduli. Ndikadandaula akuti "ngati zakukanikani nenani, a ku ngalande akuifuna," kunena ogwira ntchito yokumba ngalande yaikulu yothirira ija. Koma chondiwawa kwambiri si ndalamayo. Lamlungu pa msonkhano wa mjigo ndinakweza dzanja kuti ndifunse za ndalama imene timasonkha mwezi ndi mwezi, wapampando n'kunena pagulu kuti "a lendi muzingomvera, izi n'za eni mudzi." Chonsecho maliro akagwa, mbale ya ufa ndi ya chipepeso amadzatenga pakhomo panga osafunsa ngati ndili mwini mudzi. Ana amene ndinawaphunzitsa nditangofika kuno lero ali ndi ana awo pasukulu pomwepo. Ndiye munthu amakhala wa pamalo akatani?

Wakabaza wa pa Siteji: Madamu inu bola, pa 27 foni imalira. Ife tili atatu m'kachipinda kamodzi ka zidina, K18,000, njinga ziwiri zimagona momwemo. Chimene ndaona ine, lendi ya pano imatsata nzimbe. Odula nzimbe akamafika cha mu Epulo zipinda zimatha, alandilodi amakweza. Sizoni ikatseka kumapeto kwa chaka anthu aja n'kubwerera kwawo, mtengo sutsikanso. Umadikira Epulo wina kuti ukwerenso.

Make Tadala: Kkkk zoona zimenezo. Wathu amachita kunena kuti "sizoni yayandikira, konzekani."

Alandilodi Ena: Ndadziwa kuti lero tidyedwa osaphika, koma ndiyankhula ndithu. Ine ndili ndi zitseko zinayi, ndinamanga ndi ndalama yanga yopumira pantchito. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana atabwera, madzi analowa mpaka m'mawindo, msewu wa M1 n'kuduka, magetsi n'kuthima dziko lonse chifukwa cha Kapichira. Zipupa ziwiri zinagwa. A lendi anga ananyamula katundu wawo n'kupita, ine n'kutsala ndi chibumi cha matope. Ndikuti ndiyambe kukonza, mu Meyi chaka chomwecho kwacha inagwa ndi 25 peresenti. Ndisanapume, namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Mu Novembala 2023 kwacha inagwanso ndi 44 peresenti. Pitani pa hadiweya mukafunse thumba la simenti, mukafunse lata limodzi, mudzandiuze ngati lendi ya 2021 ingagule ngakhale misomali. Simenti yakenso imachita kutsika phiri kuchokera ku Blantyre, wa lole amawerengera mafuta ake. Sindikuikira kumbuyo amene akukweza osakonza bafa, ameneyo ndi wadyera. Koma musamatione ngati tonse tikusambira m'ndalama. Wina amakhala miyezi itatu osalipira, kenako n'kusamuka usiku, kukusiyira bilu ya magetsi ndi loko wothyoka.

Make Tadala: Bambo, ndiye mukatikwezera chifukwa cha simenti, simentiyo tizimuona pakhomapo. Kwathu pulasitala akuyoyoka ngati ufa, tikasesa timadzaza fosholo.

Mmisiri wa pa Ngabu: Make Tadala, chimene chikudya khoma lanulo ndi mchere. Ndiloleni ndifotokoze, chifukwa nkhani ya lendiyi imayambira pansi pa nyumba.

Kuno kumanga n'kodula kusiyana ndi kumtunda, ngakhale simenti itakhala mtengo umodzi. Madera ambiri madzi a pansi ndi amchere, inu nomwe mukudziwa mijigo ina sopo sachita thovu. Chinyontho chija chimakwera m'njerwa, chikauma mchere umatsala, n'kumatafuna pulasitala kuyambira m'munsi. Mankhwala ake ndi pepala lakuda lija la pulasitiki, kuliyala pamwamba pa fondeshoni musanayambe khoma. Si lodula, koma eni nyumba ambiri amati "dumphani zimenezo, a lendi sadziwa."

Ndiye pali makande. Kwathu ku Ngabu dothi lakuda lija mvula ikagwa limafufuma, dzuwa likawomba limang'ambika moti mwendo wa mbuzi umalowa. Nyumba yomangidwa pamenepo ndi fondeshoni ya mizere itatu imavina chaka ndi chaka. Mudzaona mng'alu woyambira pakona ya windo kutsetsereka mpaka pansi, chitseko chimene chinkatsekeka bwinobwino mu Julayi n'kumakana mu Febuluwale. Pamafunika kukumba mpaka mutapeza dothi lolimba, kuthira mchenga ndi miyala, kenako bimu ya zitsulo kuzungulira nyumba yonse, pansi ndi pamwamba pa mawindo. Ndalama imene munthu wa ku Thyolo amafikira nayo pa windo, ife kuno imathera m'nthaka.

Nyumba zambiri zimene zinagwa ndi madzi sizinakokoloke ayi, zinasungunuka. Njerwa zootcha koma zomangira dothi. Madzi akaima masiku awiri dothi la pakati pa njerwa limafewa, khoma n'kukhala pansi lokha. Ine ndimauza anthu kuti ngati simenti ndi yochepa, imangireni mizere ya m'munsi mpaka kupitirira pamene madzi analekeza ulendo wathawu, chizindikiro chake chimaoneka pa mitengo ndi pa makoma a eni. Kumwambako mutha kumangira dothi, bola khonde likhale lalikulu. Koma akamva mtengo amati ndikufuna kuwabera, n'kukatenga mnyamata amene anagwirako fosholo kwa ine mwezi umodzi.

Wakabaza wa pa Siteji: Amisiri mwaiwala malata. Mu Okutobala m'chipinda mwathu simulowedwa mpaka 11 koloko usiku. Timagona panja, udzudzu n'kumatimaliza.

Mmisiri wa pa Ngabu: Amakugulirani geji 32 yopyapyala ija, khoma lalifupi, kawindo kamodzi koyang'ana kukhoma la mnzake. Kutentha kwa kuno kopitirira madigiri 40 kumafuna khoma lalitali, mawindo oyang'anizana kuti mphepo izidutsa, ndi siling'i ngakhale ya mphasa za bango. Makolo athu denga la udzu sankafolera chifukwa cha umphawi wokha. Za njerwanso, nkhuni zootchera uvuni zikusowa, tsanya anatha m'malo ambiri, ndipo kuyambira 2018 boma linaletsa njerwa zootcha pa zomanga zake ndi nyumba zikuluzikulu za malonda. Mabuloko a simenti ndi abwino, koma abwerera komwe kuja kwa alandilodi, mtengo wa thumba.

Nduna ya Amfumu: Ndawerenga zonse. Za simenti ndisiyira eni ake, ine ndiyankhe Madamu pa za msonkhano. Wapampando uja analakwitsa kayankhulidwe, munthu wamkulu sayankhidwa choncho pagulu. Koma mfundo yake ndiimvetsa. Mjigo ndi chinthu cha zaka. Tinayesapo kuika wa lendi kukhala msungichuma, munthu wooneka bwino, wopemphera. Atamusamutsa kuntchito anapita ndi buku ndi ndalama zomwe, mjigo unakhala chiwonongekere mpaka anthu anayamba kukatunga ku mtsinje kumene kuli ng'ona. Mwini mudzi akaba timadziwa kopita, ali ndi amalume ake, ali ndi munda, ali ndi manda a makolo ake pompano. Wa lendi tikamugwira kuti? Funso limene ife timafunsa ndi limodzi: munthuyu akamwalira adzaikidwa kuti? Ambiri a inu thupi limakwera galimoto kudutsa pa Thabwa kupita kwanu. Ndiye kwanu ndi kumeneko.

Make Tadala: Ndiye wakuba mmodzi waipitsa a lendi onse? Eni mudzi amene anadya ndalama za njerwa za sukulu aja anali a lendi?

Madamu a Sitandade 6: A Nduna, poti mwafunsa za manda, ndiyankha, ngakhale sindimakonda kuikamba. Mwana wanga wachiwiri ali m'manda a m'mudzi mwanu momwemo. Anamwalira ndi malungo mvula ili pakati, msewu wa kwathu ku Mulanje sunkapitika ndipo ndalama ya galimoto ndinalibe. Bambo ake anapita kwa amfumu ndi mkulu wa mpingo. Anatiuza kuti poti ndife obwera tipereke ya malo, kuwonjezera pa chakudya cha adzukulu. Tinapereka, sitinatsutse. Anatilozera kumapeto kwenikweni, kufupi ndi mtengo wa msawu, kumene amaika alendo. Amayi a m'mudzi anabwera, anaphika, anagona nane pansi masiku onse a maliro, ndipo amenewo sindidzawaiwala. Chaka chilichonse polambula kumanda ndimapita ndi khasu langa. Ondisamutsa anandifunsapo kawiri ngati ndikufuna kubwerera kumtunda, ndinakana, chifukwa chake n'chimenecho. Ndiye mukati kwathu ndi kumene kuli manda, ine mundiika mbali iti?

Nduna ya Amfumu: Pepani Madamu. Zimenezo sindinkazidziwa kuti ndinu.

Gogo wa ku Tengani: Mdzukulu wanga ndiye akundilembera, ine maso anatha. Mwana wanga mphunzitsi, pepa. A Nduna, mbuya, ndikufunseni: pa Nchalo mwini mudzi ndani? Ine ndinapaona pamenepo kampani ya shuga isanabwere, cha m'ma 1965. Panali midzi ya Amang'anja ndi tchire, tauni panalibe. Sucoma itayamba ndi pamene anthu anakhamukira, Alomwe a ku Thyolo ndi Mulanje, Asena a kwathu kuno, ena a kumpoto olemba m'maofesi. Amene lero akudzitcha eni ambiri ndi ana a anthu amene anabwera ndi kathumba kudzadula nzimbe, n'kupempha malo kwa mfumu.

Ifenso Asena tisamaiwale. Agogo athu ambiri anachokera ku Zambezi kuthawa chibalo cha Apwitikizi, anapeza Amang'anja a Lundu ndi a Tengani ali kale pano ndi kachisi wawo wa Mbona ku Khulubvi. Anawalandira, anawapatsa pokhala, anakwatirana. Kenaka nkhondo ya ku Mozambique m'ma 1980, anthu anabwera ochuluka moti m'boma la Nsanje othawa nkhondo anaposa eni dziko. Ena anali m'makampu ngati ku Nyamithuthu ndi ku Mankhokwe, koma ambiri tinkakhala nawo m'midzi. Kuseri kwa nyumba yanga kunali banja la anthu asanu ndi awiri. Sindinawalipiritse kanthu, ankandithandiza kudimba, tinkadyera limodzi nyika chaka cha njala. Mtendere utabwera mu 1992 ambiri anabwerera, ena anatsala, ndipo zidzukulu zawo lero zili m'makomiti a mijigo, palibe amazifunsa.

Kale munthu ankapita kwa mfumu ndi nkhuku, n'kumulozera pomanga. Akamanga, akalima, akalira nawo maliro, basi ndi wa pamudzi. Chasintha n'chakuti malo aja tsopano ndi ndalama. Munthu amene kale akanapatsidwa pomanga lero akumusunga pa lendi zaka makumi awiri, kenako n'kumamunena kuti alibe mizu. Mizuyo aimeretse pati, inu simunamupatse dothi?

Wakabaza wa pa Siteji: Gogo takhuta. Izi ndiye zofunika kuwerengera wapampando uja mokweza.

Alandilodi Ena: Gogo anena zoona, bambo anga anachokera ku Chiradzulu mu nthawi ya Sucoma yomweyo. Koma nkhuku ija inatha, gogo. Ine puloti yanga ndinagula, ndipo ndinalipira kawiri, chifukwa atamwalira amene anandigulitsa, adzukulu ake anabwera n'kuti malume analibe mphamvu yogulitsa malo a mbumba.

Mnyamata wa za Malo: Apa ndiye pagona nkhani, ndipo Madamu ngati mukuganiza zogula puloti mumvetsere. Malo ambiri ozungulira matauni athuwa, Nchalo, Ngabu, Bangula, ndi a makolo, ali m'manja mwa mafumu ndi mabanja. Tauni inakula pamwamba pa midzi popanda wodula mapuloti mwadongosolo, n'chifukwa chake mukuona nyumba zopanikizana, njira yoti ngolo idutse palibe, chimbudzi cha wina chili pakhomo pa khitchini ya mnzake. Kapepala kamene mumalemberana kuseri kwa nyumba, kosainidwa ndi wogulitsa ndi mboni imodzi, kamagwira ntchito onse akadali moyo. Kwa Amang'anja malo amayenda kuchikazi, ndiye bambo akakugulitsani malo a akazi ake kapena a alongo ake, mlandu ukukudikirani. Kwa Asena amayenda kuchimuna, pamenepo muonetsetse kuti abale ake aamuna avomera.

Lamulo la malo a makolo la 2016 linabweretsa makomiti a malo pa gulupu aliyense. Wapampando ndi agulupu, mamembala ena asanu ndi mmodzi osankhidwa ndi anthu, ndipo osachepera atatu akhale amayi. Kudzera mmenemo munthu kapena banja litha kulembetsa malo ake n'kukhala ndi chikalata. Kuno ku Chikwawa kulembetsaku kwayenda m'madera amene mukudutsa ngalande yaikulu yochokera ku Kapichira, chifukwa alimi amayenera kudziwika malo awo asanawaphatikize m'minda yothirira. Koma zimenezi zikuthandiza amene ali kale ndi malo. Wa lendi sizimukhudza.

Ndi mmene zakhalira ndi mapologalamu a nyumba. Sabuside ya malata ndi simenti ija inayamba mu 2014, munthu ankalandira zipangizo n'kudzabweza theka, koma inkafuna ukhale ndi pako pomanga, ndipo mayina ankachokera m'midzi. Malawi Housing Corporation ilipo kuyambira 1964, koma nyumba zake zambiri zili m'mizinda. Mphunzitsi, nesi, wapolisi, wogulitsa m'sitolo pa tauni yaing'ono, amene sali m'kaundula wa mfumu komanso sali mumzinda, amagwera pakati. Nyumba za aphunzitsi pasukulu zimakhala zitatu kapena zinayi, aphunzitsi makumi awiri.

Make Tadala: Nanga lamulo loletsa kukweza lendi mwachisawawa lilipo?

Mnyamata wa za Malo: Chokutetezani chenicheni ndi pangano lolemba, lonena mtengo, nthawi yake, ndi notisi ya miyezi ingati asanakweze kapena kukutulutsani. Ambiri kuno timangolowa m'nyumba ndi pakamwa. Ngakhale papepala la m'kope, lembani, musaine nonse awiri ndi mboni, aliyense asunge lake. Ndipo polipira muzitumiza pa foni kapena azikulemberani m'kabuku, kuti tsiku la mkangano pakhale choonetsa.

Alandilodi Ena: Pangano ine ndilikonda, bola lilembenso kuti wothawa usiku tizimutani.

Wa ku Makhanga: Inu mukukamba za kugula puloti ndi mapangano. Ife tinali ndi malo, nyumba, manda, zonse zimene a Nduna akuti zimapanga mwini mudzi. Mu Januwale 2015 mtsinje wa Ruo unasiya njira yake n'kudzera m'midzi mwathu usiku. Tinakhala pa nsanja ndi m'mitengo mpaka mabwato ndi ndege zinabwera. Tinabwerera, tinamanganso. 2019 Idai, tinamanganso. Freddy ndiye anatimaliza, mchenga unakwirira mpaka minda. Pano tili kumtunda kumene anatipatsa malo. Sindinyoza, madzi safika. Koma ndi pamiyala, puloti yongokwana nyumba ndi chimbudzi, polima palibe. Eni kumeneko amatitchula kuti "a kukampu" mpaka lero, mbuzi yathu ikalowa m'munda mwawo mlandu wake umakula kuposa wa mbuzi ya mnansi wawo. Nkhuni akuti tikuwathera. Pa mjigo akazi athu amatunga pomaliza.

Anthu a ku Blantyre amatinena kuti ndife okanika, timakonda zolandira, n'chifukwa chake timabwerera kumadzi. Sadziwa dimba. Madzi akaphwa, pa dothi limene latsala paja umabzala chimanga, mbatata, nyemba, maungu, osathira feteleza, n'kukolola pamene kumtunda kuli fumbi lokhalokha. Nsomba zili pompo. Ndiye ambiri tikuchita kawiri: akazi ndi ana kumtunda chifukwa cha sukulu, ife amuna m'zisakasa kumunsi miyezi ya dimba. Banja limodzi, makomo awiri, ndipo konse ndife alendo.

Mlongo wa ku Bangula: N'chimodzimodzi a kwa Nyachikadza, akhala akuuzidwa zosamuka kuyambira kalekale koma amakana, nkhani yake ndi ya dimba yomweyo. Koma achimwene a ku Makhanga, eni kumtundawo nawonso muwamvetse. Munda umene anakudulirani mapuloti unali wa wina, ndipo ana ake akukula.

Ine ndionjeze za mitengo ya malo. Kuno kumunsi imakwera ndi mphekesera. Pamene a Bingu wa Mutharika ankatsegulira doko la Nsanje mu Okutobala 2010, anthu a ndalama ochokera kumtunda anagula malo pa boma ndi m'mbali mwa msewu, akuti kukhala mzinda. Sitima za pamadzi sizinabwere. Mapuloti ena mpaka lero ndi mipanda yokha, m'kati muli tchire, eni ake sitiwadziwa n'komwe, pamene mwana wobadwira pompo akusowa pomanga chifukwa mtengo unakwera ndipo sunatsike. Tsopano sitima ya pamtunda yochokera ku Beira inafika pa Marka mu 2024, njanji akuti ifika kuno ku Bangula, ndiye zayambiranso. Amalume anga agulitsa kale theka la malo awo, agula njinga yamoto, ana awo adzachita lendi pa dothi la agogo awo.

Wakabaza wa pa Siteji: Njinga yamotoyo ikatha chaka ndi mwayi kkkk. Atifunse ife.

Anamwino a Usiku: Ndangotuluka kuntchito, ndapeza mwakamba zambiri. Ine ndinatopa ndi lendi, ndinayamba kumanga pang'onopang'ono, ndiye ndinene mmene zikuyendera kuti wina asaganize kuti n'zophweka. Tili ndi banki m'khonde ya amayi khumi ndi asanu, tikagawana mu Disembala ine ndalama yanga siifika kunyumba, imathera pa hadiweya. Chaka china fondeshoni, chaka china khoma mpaka pa windo. Ndafolera chipinda chimodzi ndi pabalaza, ndalowamo chosapaka pulasitala, mawindo ndatseka ndi njerwa. Anzanga amandiseka kuti nesi akugona m'chigoba. Koma K60,000 imene ndinkapatsa munthu mwezi uliwonse tsopano ikugula matumba.

Chinanso amayi anzanga, dzina lanu lilembedwe pa pepala la puloti. Ku chipatala timaona amayi amasiye amene amuna awo atangoikidwa, achibale a mwamuna abwera kuti poti tinalowola, nyumba ndi yathu. Lamulo la 2011 la chuma cha masiye limati kulanda katundu wotero ndi mlandu, ndipo mkazi ndi ana ndiwo oyamba. Koma mayi wolira, wopanda pepala, wokhala pakati pa abale a mwamuna, kuti akafike kukhoti n'kovuta.

Koma Madamu, kumanga sikunandipange mwini mudzi ayi. Akunditchulabe "anesi obwera aja." Kusiyana kwake n'koti pano sangandiuze kuti a ku ngalande akuifuna.

Madamu a Sitandade 6: Anamwino, puloti munaipeza bwanji? Ine ndikafunsa amanditchulira mtengo wa obwera, mnzanga wobadwira konkuno akafunsa malo omwewo mtengo ndi wina.

Anamwino a Usiku: Ndinatuma mayi wina wa mumpingo amene ndinamuchiritsira mwana, anakafunsa ngati akufunira mdzukulu wake. Mtengo utamveka ndi pamene ndinaonekera. Wogulitsa anakwiya koma anali atanena kale pamaso pa mboni. Kenaka ndinaitana alongo ake onse awiri ndi amfumu kuti asaine. Koma onani kaye pamene madzi a Freddy analekeza, zotchipa zambiri zili m'njira ya madzi.

Mmisiri wa pa Ngabu: Ndipo mukapite mu Febuluwale, osati mu Seputembala. M'chilimwe puloti iliyonse imaoneka yabwino.

Alandilodi Ena: Mukamanga nonse ife tidzadya chiyani kkkk. Koma kunena zoona, a ku ngalande amene tikuopsezera anthuwa ndi a kanthawi. Ntchito ikasunthira kumunsi adzapita. Ine wa lendi amene wakhala zaka, amene mkazi wanga akadwala amamuperekeza kuchipatala, sindingamusinthanitse ndi munthu wa miyezi isanu ndi umodzi, ngakhale atandionjezera K20,000. Anzanga ena sakuona zimenezo.

Make Tadala: Muwauze ku gulu lanu la alandilodi, ife tikanena akuti ndi mwano.

Nduna ya Amfumu: Ndakhala chete ndikuganiza. Gogo andigwira pakhosi, sindingawatsutse, ndi akuluakulu. Kwathu tili ndi buku la maliro, mmene timalemba khomo lililonse limene lapereka ufa ndi ndalama. Bukulo silisankha wa lendi kapena mwini nyumba, ndipo ndikaliyang'ana, makomo ena a lendi sanadumphepo maliro ngakhale amodzi, pamene ana ena a m'mudzi momwemo timachita kuwakakamiza. Ndikauza amfumu kuti amene wakhala m'bukumo zaka zitatu osadumpha aziyankhula pa msonkhano wa mjigo ndi wa chitukuko, ndipo azivota. Za kusunga ndalama ndikudziwa akakana, pokhapokha ndalamazo zizikhala ku akaunti ya osainira atatu.

Wakabaza wa pa Siteji: Nanga ife osamukasamuka? Ine pa Nchalo ndakhalitsa, koma lendi ikakwera ndimasamukira mudzi wina, buku lina. Zaka zitatu pa khomo limodzi sindinakwanitsepo. Komatu maliro onse ndife timanyamula anthu ndi nkhuni ulere.

Nduna ya Amfumu: Pamenepo ndilibe yankho, mwana wanga. Mfumu imadziwa anthu ake ndi makomo.

Madamu a Sitandade 6: Zikomo a Nduna. Nanga ya malo kumanda ija, imene obwera timapereka? Amene ali m'buku zaka zitatu azilipirabe?

Nduna ya Amfumu: Za mjigo ndikanena Loweruka pabwalo. Za manda sindilonjeza, Madamu. Manda ali ndi eni mbumba, ngakhale amfumu salamula okha, ndipo malo kumeneko akutha, nyumba zafika m'mphepete.

Wa ku Makhanga: Mukakanena za a lendi mukatchuleko ndi ife a kukampu, mwina mafumu amauzana.

Nduna ya Amfumu: Inu nkhani yanu ndi ina, mbuya. Munasamuka ndi mfumu yanu, ndipo mafumu awiri pa dothi limodzi ndi mlandu wa kwa a T/A, si wa nduna ngati ine.